Sitima Yoyenda Pansi pa Mzinda wa Joni

Mabasi opita ku Joni amadzera pa Nathenje pathu pano. Akanyamuka ku Lilongwe amatsata msewu wa M1, nadutsa malire kulowa m'dziko la Mozambique, naoloka Zambezi pa Tete, napyola Nyamapanda ndi Harare kufikira pa Beitbridge, ndipo ambiri amakatsitsa anthu pa Park Station kapena m'misewu yoyandikana nayo, pakati penipeni pa mzinda wa Johannesburg. M'midzi ya kwa Chiseka ndi kwa Chadza nkovuta kupeza banja lopanda mwana, mphwake kapena mkamwini amene anakwerapo mabasi amenewa. Pobwera kwao amasimba zambiri, ndipo imodzi mwa nkhani zimene makolo amazimva mokayika ndi yakuti pambali pa siteshoni yomweyo munthu amatsikira pansi pa nthaka, nakwera sitima imene imayenda kunsi kwa nyumba ndi misewu. Ana a sukulu amatifunsa ngati zimenezi nzoona, ngati anthuwo amapuma bwino, ndiponso chifukwa chake sitima yotere kulibe ku Lilongwe. Mwezi uno tifuna tiyankhe mafunso amenewa, pakuti nkhaniyi ikukhudza ana athu amene ali kumeneko, ndiponso mzinda wathu umene ukukula kulinga kwathu kuno.

Nzeru imeneyi inayambira ku London. Zaka za m'ma 1850 misewu ya mzindawo inali itadzaza ndi ngolo za akavalo, kotero kuti munthu wotsika sitima m'mphepete mwa mzinda ankataya nthawi yaitali asanafike pakati pake. Loya wina wa mzindawo, dzina lake Charles Pearson, analimbikira zaka zambiri kunena kuti ngati pamwamba padzaza, njanji idzere pansi. Iye anamwalira m'chaka cha 1862, patangotsala miyezi yowerengeka kuti aone chimene anachimenyera nkhondo. Pa 10 Januwale 1863 njanji yoyamba ya pansi pa nthaka inatsegulidwa kuchokera ku Paddington kufika ku Farringdon, mtunda wa makilomita 6. Anaimanga pokumba chingalande chachikulu motsata msewu, kuyala njanji m'menemo, kumanga denga la njerwa, kenaka kukwirira ndi kubwezeretsa msewu pamwamba. Injini zake zinali zamalasha, ndipo aliyense amene anakhalako m'khitchini ya udzu nkhuni zili zaziwisi angathe kuganizira mmene utsi unkachitira m'phangamo.

Mankhwala a utsiwo anali magetsi. M'chaka cha 1890, chaka chimodzi chitapita kuchokera pamene amishoni anamanga msasa wawo pa Mvera, ku London kunatsegulidwa njanji yoyamba yozama yoyendera magetsi. Amene anatsogolera kuboola kwake anali James Henry Greathead, wobadwira ku Grahamstown m'dziko la South Africa m'chaka cha 1844. Iye anakonza chishango chachitsulo chobulungira chimene anthu okumba ankakhala m'kati mwake kuti dothi lisawagwere. Akakumba pang'ono, chishangocho ankachikankhira kutsogolo, ndipo kumbuyo ankamanga khoma lozungulira. Makina ambiri oboola mapanga a masiku ano ndi zidzukulu za chishango chimenechi. Muno mu Africa mzinda woyamba kukhala ndi sitima ya pansi pa nthaka unali Cairo, m'chaka cha 1987.

Tsono tibwerere ku Joni. Mzinda umenewu unabadwa ndi kukumba, pakuti golide anapezeka kumeneko m'chaka cha 1886, ndipo pa anthu amene anauboola pansi, Amalawi anali ambiri ndithu. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1970 amuna a dziko lino oposa 100,000 anali m'migodi ya South Africa kudzera mwa Wenela. Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown nipha Amalawi 74 amene ankabwerera kwao, ndipo Dr. Kamuzu Banda analetsa kulemba anthu a kumigodi. Ntchitoyo inayambanso mochepa m'chaka cha 1977, nidzatheratu m'chaka cha 1988. Madala ena amene timakhala nawo m'mabwalo a milandu ndi m'maliro anatsikapo ndi chikepe makilomita awiri kapena atatu kunsi kwa dziko. Akamva mdzukulu akuzizwa ndi siteshoni ya Sandton, imene ili mamita oposa 40 pansi pa msewu, iwo amangoseka, nati pamenepo mpakhonde chabe. Akunena zoona. Kusiyana kwake nkwakuti iwo ankatsika kukatulutsa chuma cha eni migodi, pamene phanga latsopanoli linakumbidwa kuti anthu adzeremo popita ku ntchito zawo.

Sitimayi dzina lake ndi Gautrain, kuchokera ku dzina la chigawo cha Gauteng, limene m'Chisotho litanthauza malo a golide. Vuto limene linaibala ndi lomwe lija la ku London. Msewu waukulu wa pakati pa Johannesburg ndi Pretoria, mizinda yotalikirana makilomita oposa 50, unkadzaza m'mawa ndi madzulo mpaka galimoto zinkayenda ngati ngolo ya ng'ombe yolemedwa ndi fodya. M'chaka cha 2000 mtsogoleri wa chigawocho, Mbhazima Shilowa, analengeza za njanji yatsopano, ndipo kwa nthawi yaitali anthu ankaitchula monyodola ndi dzina lake, poganiza kuti ndi maloto a wandale. Ntchito inayamba mu Seputembala 2006. Boma la chigawo linapangana ndi gulu la makampani lotchedwa Bombela kuti limange njanjiyo ndi kuiyendetsa kwa zaka zimene anagwirizana. Ndalama zake zinapitirira marandi 25 biliyoni.

Njanji yonse ndi makilomita 80, ndipo ili ndi masiteshoni 10. Mzere waukulu umachokera pa Park, nudzera Rosebank, Sandton, Marlboro, Midrand, Centurion ndi Pretoria kukathera ku Hatfield. Nthambi ina imapatuka pa Marlboro kulowera kum'mawa, nidzera Rhodesfield kukafika pa bwalo la ndege la O. R. Tambo. Awerengi asaganize kuti ulendo wonsewu uli mumdima. Gawo la pansi pa nthaka ndi makilomita pafupifupi 15, kuchokera pa Park kufikira pafupi ndi Marlboro, ndipo masiteshoni a pansi ndi atatu okha: Park, Rosebank ndi Sandton. Kwina konseko sitima imayenda pamtunda kapena pamwamba pa milatho yaitali. Anadzera pansi pokhapo pamene nyumba zinali zothithikana ndi zodula kotero kuti kuzigumula kukanaposa mtengo wa kukumba.

Kukumbako kunali kwa mitundu iwiri, monga mwa nthaka imene anakumana nayo. Pamene panali thanthwe lolimba anachita monga amachitira m'migodi: kuboola timauna m'mwala, kuikamo zophulitsira, kuphulitsa, kuchotsa zibuma, ndi kupopera konkire pakhoma kuti mwala usagumuke. Koma kuchokera pa Rosebank kulinga ku Park, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 3, nthaka inali yofewa ndi yodzala madzi, ndipo kuphulitsa kukanagwetsa misewu ndi nyumba za pamwamba. Pamenepo anabweretsa chimakina chochokera ku Germany chimene chimagwira ntchito ngati mfuko m'munda wa mbatata. Kumutu kwake kuli chimbale chachikulu cha mano achitsulo chimene chimazungulira ndi kupera nthaka. Dothi limatuluka cha kumbuyo pa lamba woyenda. Ndipo chikasuntha pang'ono, chimalumikiza zidutswa za konkire zopindika mpaka zitapanga mkombero wathunthu, nichitsamira pa mkombero womwewo podzikankhira kutsogolo. Chimakinacho anachitcha Imbokodo, mawu a Chizulu otanthauza mwala woperera, pokumbukira amayi amene anaguba kupita ku Pretoria pa 9 Ogasiti 1956 kukana lamulo la ziphaso. Cha ku Centurion vuto linali lina: kumeneko kuli mwala wosungunuka ndi madzi, umene umasiya mphako pansi, ndipo nthaka imatha kungotitimira. Anayenera kufufuza ndi kulimbitsa pansi asanaimike mizati ya milatho.

Gawo loyamba, la pakati pa Sandton ndi bwalo la ndege, linatsegulidwa pa 8 Juni 2010, masiku atatu mpikisano wa mpira wa dziko lonse usanayambe m'dzikomo. Pa 2 Ogasiti 2011 sitima zinayamba kuyenda kuchokera pa Rosebank kufika ku Hatfield. Gawo lotsiriza, la pakati pa Rosebank ndi Park, linachedwa mpaka pa 7 Juni 2012, ndipo chimene chinalichedwetsa ndi madzi. Ankalowa m'phanga ochuluka kuposa mmene pangano linalolera, ndipo boma la chigawo ndi omangawo anakangana zaka zingapo za amene ayenera kulipira. Aliyense amene anakumbapo chitsime kudambo adziwa kuti madzi a pansi sapangana ndi munthu. Mapanga ambiri a sitima za pansi pa mizinda amakhala ndi mapampu amene sagona usana ndi usiku.

Nanga kayendedwe kake nkotani? Munthu akafika pa siteshoni amagula khadi, naikamo ndalama, monga timachitira ndi mayunitsi a foni. Pa chipata amagunditsa khadiyo pa kagalasi, chipata nkutseguka. Potuluka kumene akupita amagunditsanso, ndipo makina amadula ndalama molingana ndi mtunda umene wayenda. Palibe kondakitala wokangana naye za chenji, ndiponso palibe kunena kuti ndidzalipira kutsogolo. Kutsikira pansi amatsika ndi masitepe oyenda okha kapena ndi chikepe. Mpweya umalowa ndi kutuluka kudzera m'zitsime zimene zinaboolewa kuchokera pamwamba, mothandizidwa ndi zikupizo zikuluzikulu, ndipo zina mwa zitsimezo ndi njira zopulumukira pakagwa ngozi. Utsi mulibe, chifukwa sitima imatenga magetsi a mphamvu ya mavoti 25,000 pa waya wodutsa pamwamba pake.

Sitimazo anagula 24, iliyonse ya mabogi anayi, ndipo pa nthawi ya anthu ambiri amalumikiza ziwiri kukhala mabogi asanu ndi atatu. Zinakonzedwa ndi kampani ya Bombardier ku Derby, ku England, ndipo zambiri anazilumikizira ku Nigel, mu South Africa momwemo. Liwiro lake limafika makilomita 160 pa ola. Kuchokera pa Park kufika ku Pretoria simpatha mphindi 40, ndipo kuchokera ku Sandton kufika ku bwalo la ndege ndi mphindi pafupifupi 15. Njanji zake nzotalikirana mamilimita 1,435, pamene njanji zakale za South Africa, pamodzi ndi zathu za ku Malawi, Zambia ndi Mozambique, nzotalikirana mamilimita 1,067. Kutanthauza kuti bogi ya ku Kanengo singayende pa njanji ya Gautrain ngakhale mutainyamula kukaiika pomwepo.

Funso limene ana anzeru amafunsa ndi ili: mumdima muja, pa liwiro lotere, sitima sizigundana bwanji? Yankho lake ndi lakuti njanji inagawidwa m'zigawo, ndipo lamulo ndi lakuti m'chigawo chimodzi musakhale sitima ziwiri. Sitima ikalowa m'chigawo, makina amadziwa, natseka chigawocho kwa inzake yobwera m'mbuyo. Ku Midrand kuli nyumba imene anthu amaona pa makompyuta pamene pali sitima iliyonse. Woyendetsa akapitirira liwiro lololedwa, kapena akafuna kulowa m'chigawo chotsekedwa, sitima imadzimanga yokha mabuleki osadikira dzanja lake. Ife amene timakwera maminibasi a pa msewu wa Bunda, m'mene moyo wa anthu 18 umadalira mtima wa mnyamata mmodzi amene akuthamangira kulanda okwera pa siteji yakutsogolo, tiyenera kuima pang'ono pa mfundo imeneyi. Eni njanji sanayembekeze kuti woyendetsa aliyense adzakhala wofatsa tsiku lililonse. Anamanga makina oti agwire dzanja la munthu pa tsiku limene watopa kapena wapsa mtima.

Chachiwiri chotidabwitsa ndi nthawi. M'mawa ndi madzulo sitima imabwera pafupifupi mphindi 10 zilizonse, ndipo imanyamuka kaya yadzaza kaya ili ndi anthu asanu. Pa Mitundu minibasi imanyamuka ikadzaza, ndipo mayi wopita ndi mwana wodwala ku chipatala cha Kamuzu Central angakhale pampando ola lathunthu injini ikungolira kunamiza anthu. Malamulo a m'sitimamo ngolimbanso: saloleza kudya, kumwa, ngakhale kutafuna chingamu, ndipo alonda amayendayenda. Achinyamata amene mukukonzekera ulendo wa kumeneko, musadzatulutse chimanga chootcha m'thumba muli m'bogi, mudzalipira chindapusa.

Komabe walira mvula walira matope, ndipo nkhaniyi ili ndi mbali yake yowawa imene sitiyenera kuibisa. Ambiri mwa ana athu amene ali ku Joni sitimayi amaiona chabe. Amagwira ntchito m'minda ya maluwa, m'makhitchini, m'mashopu ndi pa zomangamanga, ndipo mtengo wa Gautrain ngwokwera poyerekeza ndi malipiro awo. Iwo amayenda pa mateksi, amene ndi maminibasi a kumeneko. Njanjiyi inalumikiza malo a maofesi, mabanki ndi bwalo la ndege. Ku Soweto, kumene kumakhala anthu oposa miliyoni imodzi, sinafike. Mabungwe a anthu apantchito anadandaula kuyambira pachiyambi kuti chuma chochuluka chotere chathiridwa pa njanji ya anthu amene ali kale ndi galimoto, pamene sitima zakale za Metrorail, zimene zinkanyamula anthu osauka ochuluka koposa, zinali kukalamba. M'chaka cha 2020, pa nthawi ya mliri wa Covid-19, sitima zakalezo zitaima, mbala zinazula mawaya ndi kugumula masiteshoni ambiri, ndipo njira zina zinakhala zaka osayendamo sitima. Pamwamba pa izo, m'pangano la Gautrain munali mfundo yakuti okwera akachepa kuposa mmene anayembekezera, boma la chigawo lidzalipira kampani ndalama zoperewerazo, ndipo linalipiradi chaka ndi chaka. Ndalama zimenezo ndi msonkho wa anthu onse, ndi omwe sanakwerepo.

Siteshoni ya Marlboro inamangidwa pambali pa Alexandra, komboni yakale yothithikana imene ili moyang'anizana ndi nyumba zazitali za Sandton. Mu Meyi 2008, njanjiyi ili m'kati momangidwa, m'komboni imeneyi ndimo munayambira chiwawa chothamangitsa alendo, chimene chinafalikira m'dziko lonselo ndi kupha anthu 62. Amalawi ambiri anabwera kwao opanda kanthu m'manja, ndipo zinachitikanso m'chaka cha 2015. Makolo amene mwana wanu akukutumizirani chithunzi ataima pa siteshoni yonyezimira, dziwani kuti chithunzicho sichikuuzani kumene amagona, kapena ngati mapepala ake ali bwino. Mufunseni zimenezo.

Tsono za Lilongwe. Pa kalembera wa 1966 mzindawu unali ndi anthu osakwana 20,000. Unakhala likulu la dziko m'chaka cha 1975, ndipo pa kalembera wa 1977 anthu anali pafupifupi 99,000. Pa kalembera wa 2018 anali pafupifupi 990,000. Amene timapita kukagulitsa mtedza, soya ndi tomato m'tauni tikudziwa mmene galimoto zimaunjikana kuyambira pa mphambano ya Bunda kulowa m'tauni yakale, ndi mmene njinga zamoto za kabaza zimalowerera pakati pake. Minda imene tinkaidziwa m'mbali mwa misewu yopita ku Mitundu ndi ku Nathenje ikusanduka mapuloti chaka ndi chaka. Kodi tsono yankho ndi kukumba phanga?

Ife tikuti ayi, ndipo zifukwa zake zili m'nkhani yomwe tafotokozayi. Sitima ya pansi imafuna anthu ochuluka okhala mothithikana motsata mzere umodzi, pamene Lilongwe anamangidwa momwazikana, madera ake atalikirana ndi tchire pakati. Imafuna magetsi osazima, chifukwa magetsi akazima sitima imaima mumdima, zikupizo zimaleka, ndipo mapampu akaleka madzi amayamba kukwera. Tonse tikukumbukira mmene dziko linakhalira mumdima namondwe wa Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, pamene mphamvu ya mamegawati pafupifupi 130 inatayika kwa nthawi yoposa chaka. Imafunanso chuma chimene ngakhale chigawo cholemera koposa mu South Africa chinachimva kulemera. London ndi Johannesburg anakumba chifukwa anachedwa: pamene anazindikira kuti afunika njanji, pamwamba panali patadzaza kale nyumba. Kwathu kuno malo akalipo. Mzere wa nthaka wosungidwa lero m'mbali mwa msewu, woti mtsogolo mudzadutse njanji kapena msewu wa mabasi okhaokha, mtengo wake ngwochepa. Mzere womwewo zaka 30 zikubwerazi udzafuna kugumula nyumba za anthu, kulipira chipepeso, ndi kusuntha manda. Nkhani imeneyi ili m'manja mwa makhonsolo, komanso m'manja mwa mafumu ndi mabanja amene akugulitsa malo mpaka m'mphepete mwenimweni mwa phula.

Ndiponso njanji tili nayo kale, ngakhale ana ambiri a ku Mitundu sanaionepo. Sitima inafika ku Blantyre m'chaka cha 1908, ndipo m'chaka cha 1935, mlatho wa pa Zambezi utatha, njanji inafika ku Salima. M'chaka cha 1970 inalumikizidwa ndi doko la Nacala kudzera ku Nkaya ndi Nayuchi. Ndi thandizo la dziko la Canada, njanji ya ku Salima inafika ku Lilongwe m'chaka cha 1979, nipitirira mpaka ku Mchinji m'chaka cha 1980. Chidutswa cha ku Chipata chinatsegulidwa m'chaka cha 2010, chaka chomwecho chimene Gautrain inayamba kuyenda. Koma njanji yathuyi inamangidwira katundu: feteleza, mafuta, fodya ndi simenti. Nchifukwa chake inadzera ku Kanengo, kumpoto kwa mzinda, kumene kuli mafakitale ndi nkhokwe, kutali ndi msika waukulu ndi depoti ya mabasi. Kumwera kuno, kumene kuli Nathenje, Bunda ndi Mitundu, sikunayalidwepo njanji ngakhale mita imodzi, ndipo mlimi wa kwa Chadza wofuna kuonetsa mwana wake sitima ayenera kukwera maminibasi awiri, kudutsa mzinda wonse, kuti akafike pamene imaima.